Mayi Gologolo ndi Denga la Nkhokwe

Kalekale, nyama zisanaiwale kulankhula, kunali mayi Gologolo, wamasiye wa ana anayi. Mayiyu ankadziwa kufolera denga kuposa aliyense. Koma Nyani, kapitawo wa zomanga, ankamukaniza ganyu.

"Mkazi padenga? Malaulo! Kamweteni udzu ndi anzanu."

Womweta udzu ankalandira kambale ka chimanga, wofolera ankalandira dengu. Kambale, ana anayi! Mtima wa mayi Gologolo sunakhale m'malo. Anasiya ana kwa mchemwali wake, uyo ulendo.

Anayenda, anayenda, nafika kudziko la Mikango.

"Ndikufuna ntchito yofolera."

"Kuno akazi timasaka, amuna amalondera," unatero Mkango waukazi. "Ndi mmene zinalengedwera. Mungagwetse njati inu?"

Anayenda, anayenda, nafika kwa mbalame za Tchete.

"Kuno oluka nyumba ndife amuna," anatero Tchete. "Akazi amangoyendera n'kuphwasula zosaoneka bwino. Ndi mmene zinalengedwera."

Anayenda, anayenda, mapazi kutupa, nafika kwa Njuchi.

"Kuno omanga ndife akazi tokhatokha, amuna amangodya," inatero Njuchi. "Ndi mmene zinalengedwera. Koma malo adzaza, mayi."

Mayi Gologolo anaseka mpaka misozi, kuseka kwa mkwiyo. Maiko atatu, malengedwe atatu! Ataona mitambo ikuda, anabwerera kwawo chothamanga.

Anapeza amuna onse, kupatula Nyani, atapita kumigodi ya Mfuko. Nkhokwe ya mudzi inali yasa, yosafolera, mvula ikugunda. Nyani, ndi thupi lakelo, anakwera yekha. Phaso linati thyo! Mkulu uja anatsetsereka ndi matako pansungwi, ubweya wonse n'kusupuka. Mpaka lero sunamerenso, kaoneni nokha.

Mayi Gologolo sanapemphenso munthu. Anangokwera padenga.

"Amayi, ponyani mitolo!"

Akazi anaponya, iye anafolera. Anaponya, anafolera. Dontho loyamba linagwa iye akumanga chingwe chomaliza.

Nyani anabwera akutsimphina, kambale kali m'manja.

"Zikomo mayi, landirani. Malipiro a mkazi ndi awa."

"A kapitawo," anatero mayi Gologolo ali padenga pomwepo, dzanja lili pachingwe, "kambale ndi ka womweta. Ndimasule udzuwu mukwerenso nokha?"

Mvula inayamba kuwaza. Nyani anayang'ana denga, nagwira pomwe panasupuka paja.

"Bweretsani dengu!" anakuwa.

Tsiku limenelo ana anayi aja anadya mpaka kusiya.

Nthano yanga yathera pomwepa, ndatula. Phunziro lake nali: ntchito muzipatsa amene akuidziwa, mkazi kaya mwamuna, ndipo malipiro ake akhale amodzimodzi.