Mpando wa Abiti Mtila pa Mwambo wa Mphoto

Abiti Mtila anafika kwa Shehe Chilungo, ku Ntaja, pemphero la swala ya masana litangotha. Anawapeza pakhonde akuthandiza mayi a kunyumba kusenda nandolo. Munthu amene anthu ankachokera kutali kudzamufunsa za malamulo a chipembedzo anali atakhala pamkeka, lichero lili pamiyendo.

Atapatsana salamu, Abiti Mtila sanadikire kufunsidwa. Iwo amagulitsa zitenje pamsika, ndipo benchi anali atasiyira mnzawo.

"Shehe, ndabwera ndi nkhani ya Sauda."

Sauda anali mwana wawo woyamba. Atakwatiwa ku Blantyre analowa mpingo wa mwamuna wake, nayamba kuimba nyimbo zauzimu zachikhristu. Mayi ake sanapite ku ukwatiwo, ndipo kuyambira pamenepo ankalankhulana pa maliro ndi pa matenda basi. Komabe nyimbo ya Sauda ikamveka pa wailesi pamsikapo, manja a Abiti Mtila ankaleka kupinda nsalu mpaka nyimboyo ithe.

"Amusankha kuti akalandire mphoto Loweruka, pa mwambo wolemekeza oimba nyimbo zauzimu," anatero Abiti Mtila. "Akuti chaka chino wolandira aliyense abwere ndi amene anamuphunzitsa kuimba, akamuthokoze pagulu. Anzake akutenga aphunzitsi a kwaya. Iye watchula ine."

"Munamuphunzitsadi?" anafunsa Shehe.

"Liti, Shehe? Ankangomvera kumsana ndikamaimba zikiri ndi amayi anzanga pa sadaka."

Mayi a kunyumba a Shehe anaseka. "Abiti, mawu anu aja ankamveka mpaka tsidya la msewu. Mwana wa kumsana akanathawira kuti?"

Abiti Mtila sanaseke nawo.

"Akuti mpando wanga ausunga kutsogolo. Dzulo pafoni wandiuza kuti, 'Amayi, tsiku la ukwati ndinayang'ana kukhomo mpaka khosi linawawa. Mukapanda kubwera uku, sindidzakuvutitsaninso.' Koma Shehe, ine wa hijabu ndikakhale pakati pa oimba za kutchalitchi, makamera akundijambula? Amayi a kumzikiti adzati Abiti Mtila watsatira mwana. Nanga tsiku lachiweruzo ndikadzafunsidwa, ndidzati ndinkafunako chiyani?"

Shehe anaika lichero pansi, napukuta manja.

"Ine nzeru zanga n'zochepa, mayi. Wodziwa zonse ndi Allah. Mundilole ndifunse pang'ono. Wakupemphani kuti musiye Chisilamu?"

"Ayi."

"Kuti mukagwade nawo, kapena mukavomereze zimene simukhulupirira?"

"Ayi. Wachita kunena yekha kuti wapempha chipinda choti ndikaswaliremo dzuwa likalowa. Ndiwo akuti aphika yekha, nkhuku yochinja Msilamu."

"Nanga pa nsanja akufuna akanene chiyani?"

"Akuti akanena kuti, 'Mawu awa anandipatsa ndi Mulungu, koma anadzera mwa mayi awa.'"

Shehe anawerama, nayamba kulingalira. Abiti Mtila anayang'ana kumsewu, nakonza nsalu ya kumutu, nayang'ananso kumsewu. Kudikira sanakuzolowere.

"Shehe, pepani, benchi ndasiyira munthu. Ndipite kapena ndisapite?"

Shehe atadzutsa mutu, nkhope yawo inali yowala.

"Sauda ndinamuphunzitsa ine pa madarasa pano, ali kamtsikana kosakhazikika pansi. Zambiri zimene ndinamuuza anazisiya, ndipo zimandipweteka monga zimakupwetekerani inu. Za chikhulupiriro chakezo tisaleke kumupempherera, pakuti wowongola mitima si ine, si inu. Koma panali phunziro limodzi limene ndinkalibwereza mpaka ana ankatopa nalo: munthu athokoze Mlengi wake, kenako athokoze amene anamubereka. Ndinkayesa analitaya pamodzi ndi enawo. Lero mwandibweretsera uthenga woti analisunga, ndipo akufuna kukalinena dziko lonse likumva. Alhamdulillah, Mulungu atamandike. Mwabwera kudzafunsa, mayi, koma wolandira mphatso ndine."

Abiti Mtila anapukuta m'maso ndi nsonga ya hijabu. Mawu awo, aja omveka tsidya la msewu, anatuluka ang'onoang'ono.

"Nanga amayi a kumzikiti?"

"Amenewo muwauze abwere adzandifunse ine. Nandolo wosenda alipo wambiri, tidzakambirana manja akugwira ntchito. Inu pitani. Muvale hijabu yanu yabwino koposa, nthawi ikakwana mukaswali, iwo akamaimba zawo mukakhale mwaulemu pampando wanuwo. Mwana wanu wagwiritsitsa lamulo limodzi la chipembedzo chathu. Musakhale inuyo, mayi ake, womulepheretsa kulikwaniritsa."