Mvuu ndi Mlandu wa Dzungu

Kalekale, ana inu, ndi akuluakulu amene mwayamba kusinza kumbuyoko, kudambo kunali bungwe la alimi a dimba: Mbewa, Fuko, Chule ndi Nkhanu. Kulima limodzi, kuthirira limodzi, kukolola limodzi. Akayambana ankapita kwa Nkhanu, poti ndiye adamusankha kuti azimva madandaulo awo.

Chaka china kudagwa chilala, dimba lonse lidabereka dzungu limodzi lokha. Adabzala ndi Mbewa, mayi wamasiye wa ana ambiri, koma lidayanga n'kukaberekera m'chigawo cha Fuko.

"Ndi langa, ndidabzala ndine!"

"Ndi langa, lagona kwanga!"

Nkhanu asanayasamule, adamva di! di! di! Uyo Mvuu, malovu ali chuchuchu.

"Milandu yonse ya dambo lino ndimaweruza ndine," adatero Mvuu. "Dzungulo ndi umboni. Ndikalisunga ine."

Nkhanu adadziwa kumene Mvuu amasungira umboni. Adayang'ana tiana ta Mbewa, nthiti zili pamtunda, mtima udamuwawa kwambiri.

"Takulandirani, bwana," adatero akuwomba m'manja. "Kungoti mlandu wa bungwe suweruzidwa ndi mlendo. Mukadakhala membala..."

"Ndalowa! Ndilembeni pompano!"

"Zikomo, bwana. Mwambo wathu ndi woti wolowa kumene amayamba wabweretsa madzi kudimba. Ife timatunga ndi tizikho, koma inu ukulu wanuwu, tingaunyoze? Kumbani ngalande."

Mvuu adakondwa kutchedwa wamkulu. Adapita kumtsinje, nayamba kufukula ndi mphuno, kukankha ndi chifuwa. Fuku! Fuku! Thukuta lili kamukamu.

Kuno Nkhanu adakhazika awiri aja pansi.

"Achimwene a Fuko, inu chakudya chanu ndi mizu. Dzungu mwaliyamba liti?"

Fuko adalankhula motsitsa mawu.

"Chimwalirireni mkazi wanga ndimadya ndekha kuuna. Ndimati dzungu likakhala langa, ndiwaitana anawa, pakhomo panga pamvekenso phokoso."

Mbewa misozi idalengeza.

"Alamu, bwanji osanena? Ine ndimayesa mukufuna kundiphera ana ndi njala."

Adaliphika pomwepo, pakhomo pa Fuko. Ana adadya mpaka timimba tili ndendende, wina n'kugona pamsana pa Fukoyo. Nthanga zake adaziika m'nkhokwe ya bungwe.

Dzuwa litapendeka, madzi adafika kudimba, Mvuu ali pambuyo wefuwefu.

"Tsopano ndine membala! Bweretsani mlandu, ndi umboni womwe!"

"Mlandu uti, bwana?" adafunsa Nkhanu. "A Mbewa, muli ndi dandaulo?"

"Ayi."

"A Fuko?"

"Tsitsani mawu, mwana wagona."

"Ndiye watsala umodzi," adatero Nkhanu. "A Chule akudandaula kuti membala watsopano wawapondera mbande zonse za mpiru. Milandu ya mamembala ndimamva ndine. Khalani pansi, a Mvuu."

Mvuu adayang'ana Chule, adayang'ana Nkhanu, adayang'ana makoko a dzungu. Ndiye liwiro, mpaka mumtsinje, chubwi! Mpaka lero amangotulutsa maso ndi makutu, kusuzumira ngati Nkhanu akumudikirabe.

Nthano yanga yafera pamenepa, phulani mbatata zisanapserere. Ndipo mukamva anthu a m'gulu limodzi akukangana, musathamangire ndi mimba yanu kukawaweruza. Mudzangowakumbira ngalande.