Nyumba Inakaima Pamzere ku Banki

Ndikulumbira pali malemu bambo anga, mphezi indiwaze pompano ngati ndingawonjezepo liwu ngakhale limodzi! Izi ndinaziona ndi maso angawa, omwe amawerenga nthiti za udzudzu uli kutsidya kwa mtsinje.

Panali munthu wina, telala, amene anatopa ndi lendi. Iye ndi mkulu wake anapeza nyumba ziwiri zogulitsa, zoyandikana. Anapita kubanki kukapempha ngongole, nyumbazo n'kukhala chikole.

Kalaliki anati: "Ngongole zilipo ziwiri. Ina chiwongoladzanja chake n'choima. Pamwezi mumapereka zambirirako, koma sichisuntha mpaka mudzamalize. Inayo chake n'choyenda. Chimayamba chochepa, kenako chimatsata mmene zinthu zilili m'dziko."

Mkuluyo anasankha choima. Telala anaseka mpaka tepi yoyezera inagwa m'khosi.

"Achimwene, munamvapo munthu akunyadira kuti zaima? Pamoni timati zikuyenda! Ine ndipatseni choyendacho."

Sanafunse kuti chikuyenda kulowera kuti. Anangosaina.

Chaka choyamba chiwongoladzanja chija chinkakwawa, telala akudya nyama daile. Chaka chachiwiri chinaphunzira kuyenda. Kwacha itagwa, abale inu, chinaliyatsa liwiro! Chinameza njinga. Chinameza makina osokera, ndi mafuta ake omwe. Mkulu wake paja ankangopereka zomwezija mwezi ndi mwezi, mtima uli m'malo.

Ndiye Lachiwiri lina, dzuwa lili paliwombo, nthaka inanjenjemera. Ine ndinali pomwepo, ndikudikira kabudula wanga amene telala ankasoka pamanja. Nyumba ya telala inazula maziko ake, inadzikung'untha fumbi, n'kuyamba ulendo. Ha! Ndakhalapo zaka, ndinagwirapo njati ndi nyanga, koma tsiku limenelo ndinavula chipewa. Nyumbayo inkaponda mwaulemu ngati mkwatibwi, makatani akuuluka, utsi ukufukabe kukhitchini. Maminibasi anaima okha. Kondakitala wina anagwada pa tala n'kulapa machimo ake onse. Telala ankaitsatira m'mbuyo, kiyi ali m'manja: "Ima! Imatu iwe!" Koma iye mwini sanasainire zoima. Inakafika kubanki, inaima pamzere kumbuyo kwa mayi wina, ndipo nthawi yake itakwana inadzipereka.

Madzulo ake telala anakagogoda kwa mkulu wake, atasenza mphasa.

Tsono inu amene mukulota nyumba yanuyanu, musakopeke ndi kukoma kwa dzina kapena kupepuka kwa mwezi woyamba. Funsani kuti chiwongoladzanja chikadzathamanga, thumba lanu lidzachipeza? Ngati mumapeza zongokwanira, tengani chimene chimakhala pamene mwachisiya.

Mukuti bwanji a Likoswe kumbuyoko? Nyumba singayende chifukwa ilibe miyendo? Zamkutu! Nanga mtengo wa shuga uli ndi miyendo? Bwanji umakwera chaka ndi chaka inu mukuona? Khalani pansi.