Funso Limene Tamiwe Analumpha

Kalekale, sitima ikadaimabe pa siteshoni ya kwathu ndipo amayi akugulitsira nzimbe pamawindo, kuseri kwa njanji kunali sukulu ya atsikana yogonera konko. Atsikana anayi ankagona pa ngodya imodzi: Tamiwe, Mchewa wa ku Dowa, Vitumbiko, Mtumbuka wa ku Rumphi, Asiyatu, Myao wa ku Machinga, ndi Nyamazawo, Msena wa ku Nsanje. Tamiwe anali wofatsa, ndipo atatu enawo ankamulimbirana ngati akazi a pamitala. Akanyemera mmodzi chigumu, awiriwo ankatupa mpaka dzuwa kulowa.

Tsiku lina kunabwera alendo ochita kafukufuku wa zaumoyo. Anagawa mapepala a mafunso, nati aliyense alembe mtundu wake koma asalembe dzina, ndiponso wina asasuzumire pepala la mnzake. Pakati pa mafunsowo panali lakuti: "Kodi munaganizapo zodzipha?"

Vitumbiko anachonga pa "ayi", poti bambo ake, aphunzitsi, ankadana ndi mwana wosiya funso. Asiyatu analumpha, chifukwa amayi ake ankati mawu otere ukawatchula wawaitana. Nyamazawo analumpha dala. "Akufuna akalengeze kutauni kuti Asena ndi otere? Pa ine ayi," anatero. Tamiwe nayenso analumpha, koma chake chinali china. Chaka chapitacho bambo ake anadzipha, ndipo mtengo wa kuseri kwa nyumba yawo unadulidwa n'kutenthedwa, monga mwa mwambo. Kusukulu sanauzeko munthu.

Vitumbiko ndiye anali monitala wotolera mapepala. Polandira la Tamiwe anaswa lamulo la alendo aja, nasuzumira. Olumpha funsolo anali ambiri, koma pa pepala la Tamiwe cholembera chinali chitakanikiza pafupi ndi "inde" mpaka kuboola, osachonga. Vitumbiko anachita mantha, nakanong'oneza anzake awiri aja. Iye mwini sanayerekeze kumuyandikira.

Asiyatu sanatchule mawu aja ngakhale kamodzi. Anangoleka kumusiya yekha Tamiwe. Kumjigo anali naye, mbale ankadyera imodzi, Loweruka ankamuluka tsitsi n'kulimasula kuti alulukenso. Tamiwe akati, "Ndisiye ndikayende," iye ankati, "Nanenso miyendo ikundiyabwa." Zinatero mpaka mvula inagwa.

Nyamazawo anali wapakamwa posabisa. Ataona kuti mnzawo akungowonda, anamupeza akuchapa, namufunsa maso ndi maso: "Iwe Tamiwe, kodi ukuganiza zodzipha?" Tamiwe anagwetsa sopo, nalira, navomera. Nyamazawo anamugwira dzanja thovu lili m'manja, napita naye kwa anamwino a pasukulupo. Anamwinowo anaitana amayi ake, Tamiwe anathandizidwa, ndipo pang'onopang'ono anayambanso kuseka.

Patapita zaka, Tamiwe anakwatiwa nabereka mwana wamkazi. Mchombo utagwa, mwamuna wake anati, "Mwanayu amutche dzina ndi amene anakupulumutsa uja." Tamiwe anaitana onse atatu. Anafika atanyamula nsalu ndi sopo, aliyense akuponya diso pa mtolo wa mnzake.

"Nkhani yake ndi yachidule," anayamba Vitumbiko. "Pakadapanda maso angawa, inu mukadadziwa chiyani?"

"Maso akuba amenewo?" anaseka Nyamazawo. "Anthu anati osasuzumira, iwe n'kusuzumira, kenako n'kukabisala kuseri kwa mabuku. Mwana atchedwe dzina ndi kazitape?"

"Nanga iwe, mlongo," anatero Asiyatu, "amene unakana kuyankha alendo, n'kukamukhoma mnzako funso lomwelo ngati wapolisi? Akadakana ukadatani? Ine ndinadya naye nyemba zofumbwa miyezi yonse ija. Iwe unagwira ntchito yakoyo sopo asanasungunuke."

"Unamuluka tsitsi, mayi, koma za m'mutumo sunazikhudze. Ukadamuluka mpaka liti?" anayankha Nyamazawo.

"Ndiye chifukwa chake paukwati anakukhazika kutsogolo, eti? Ine ndili kumbuyo ndi ophika!" anatero Asiyatu.

"Ine khadi lenilenilo linandipeza ukwati utatha," anatero Vitumbiko, akupukuta magalasi ake.

Tamiwe anawayang'ana onse, mwana ali pabere. "Anzanga," anatero, "ndikasankha mmodzi, awiri sadzapondanso pakhomo pano. Ndikukudziwani. Koma mwana sangatuluke m'chikuta wopanda dzina, ndipo bambo ake anena kuti wotcha akhale mmodzi."

Aliyense mwa atatuwo anali nalo kale kumlomo dzina loti amutche mwanayo.

Malemu mayi a kunyumba kwanga ankaikonda nthano imeneyi. Tili kutali ndi kwathu, m'kanyumba ka lendi, tinkaitsutsana mpaka tiyi kuzizira. Iwo anali ndi wawo, ine ndi wanga, ndipo anapita tisanagwirizane. Ndiye ndaitula kwa inu, abale anga. Wina anaona chifukwa choswa lamulo, koma anaopa kuyandikira. Wina anamusunga wamoyo osamufunsa kanthu. Wina anafunsa funso limene iye mwini anakana kuyankha. Mwana uja akudikira m'chikuta. Kodi amutche dzina ndani?