Dzina la Mwana wa Jasinta

Kalekale, nkhondo ya ku Mozambiki itangozirala, amayi a Mvano a mpingo wina wa ku Dedza ankawoloka malire chaka ndi chaka akatha kukolola. Ankasenza mankhwala, sopo ndi mabuku a nyimbo, n'kukatumikira odwala m'mudzi wina wa ku Angoniya kumene chipatala chinatenthedwa pankhondo. Masiku amenewo munthu ankasiya nkhokwe yake n'kukatsuka zilonda za mlendo, osayembekezera ngakhale zikomo.

M'mudzimo munali mtsikana dzina lake Jasinta, wa mimba yoyamba. Matenda atamuyamba, dzuwa linalowa n'kutulukanso, mwana osabadwa. Amayi akuluakulu anamuzinga nati, "Ulula, mwanawe, unayenda ndi yani? Mwana sakana kubadwa popanda chifukwa." Jasinta analibe choulula. Analuma nsalu yake, nakana kudzinamizira ngakhale imfa inali pakhomo. Amalume ake, a Zakeyu, poti ndiwo anali mwinimbumba, analamula kuti asatuluke m'nyumbamo kufikira ataulula.

Woyamba mwa alendo aja kumva nkhaniyi anali Mayi Elube, mlangizi wa atsikana kumpingo. Sananyoze mwambo wa eni mudzi. Anagwada pabwalo pamaso pa a Zakeyu, dzuwa likuswa mtengo, nati, "Amalume, ngati pali mlandu mudzauweruza mwini wake ali moyo. Kumanda kulibe bwalo." Anakana kudzuka mpaka mkuluyo anagwidwa ndi manyazi, nakamanga yekha ng'ombe pangolo.

Pangolopo anagonekapo Jasinta, ndipo panakweranso Mayi Dolika, mmodzi wa alendo aja, namwino wopuma pantchito, wapakamwa polasa. Ali m'njira mwana anabadwa, wamkazi, koma osalira, ndipo magazi a mayi ake sanaleke. Dolika anapumira khandalo m'kamwa mpaka linalira, kenaka anapsinja mimba ya Jasinta ndi manja ake osapumula kufikira pachipatala cha mishoni. "Usatsinzine, iwe! Ukandifera pano ndikukwapula!" Jasinta anamva mawuwo ngati ochokera kutsidya la mtsinje, nawatsatira.

Kuchipatala anati pakufunika magazi. Abale anangoyang'ana pansi, pakuti ankakhulupirira kuti wopereka magazi amafota n'kufa. Mayi Fanesi, amene ankaphikira gulu lija ndipo anatsatira ngolo wapansi, ankakhulupirira zomwezo. Komabe anatambasula mkono, nati, "Tengani. Ana anga anakula kale." Magaziwo anagwirizana, Jasinta anatsitsimuka.

Atabwerera kumudzi, mchombo utagwa, linafika tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, lomwenso galimoto inabwera kudzatenga alendo kuti abwerere kwawo. A Zakeyu anaimirira, chipewa chili m'manja, nati, "Pamtundu pathu mwana wotere amatenga dzina la amene anamuwombola. Dzinalo limakhala limodzi, ndipo mwini wake amasanduka mbale wathu mpaka kumanda. Ndinakulakwira, Jasinta, mwana wa mlongo wanga. Lero utchule ndiwe."

"Kugwada kwa a Elube kunangotichedwetsa," anatero Dolika. "Ine ndikanangomunyamula basi."

"Mukanamusenza pamutu, amayi? Ngolo inali ya yani?" anayankha Elube, anthu n'kuseka.

"Ine musandiwerengere," anatero Fanesi, "ndinangogona pabedi."

Jasinta sanaseke. Anaona maondo a Elube amene anali asanapole, amene anamutulutsa m'nyumba muja osadzinamizira. Anaona manja a Dolika, oyamba kugwira mwana wake. Anamvanso mtima wake ukugunda, nakumbukira mwini magazi amene ankayenda m'thupi mwake. Anadziwa kuti potchula mmodzi, awiri akwera galimoto ngati alendo wamba. Woyendetsa analiza hutala kumsewu, mwana anatakataka pamiyendo pake, mudzi wonse unayang'ana pakamwa pake.

Inu amene mwamva nkhaniyi, mwanayo akanakhala pamiyendo panu, mukanamutcha Elube, Dolika, kapena Fanesi?