Dalaivala Wolowa Ntchito Chaka Chikutha

Amene analakwira munthu ndikunenayu ndi mlamu wake, Sandalamu, chaka chimene ankamanga msewu wa kuphiri uja. Sandalamu anali kalaliki wa kampaniyo, munthu wasukulu, cholembera pakhutu. Mnzathuyu anali dalaivala wa lole, wongodziwa kulemba dzina lake basi.

Ntchitoyo anaipeza mu Febuluwale, chaka cha boma chili pafupi kutsekedwa. Sandalamu anamuitanira kuseri kwa ofesi. Anamuuza kuti amulemba ngati wayamba mu Epulo, miyezi iwiriyi boma lisaidziwe, ndalama za msonkho agawane. Akuti onse obwera mochedwa amatero.

Dalaivala anavula chipewa. "Alamu, ndayamba lero. Lembani lero."

"Mwabwera ndi nsapato zobwereka, ndiye muzindiphunzitsa ntchito?"

Epulo asanafike, Sandalamu anakanamiza bwana kuti dalaivala akuba dizilo. Anamuchotsa. Kunyumba mkazi analira, apongozi anati wataya bomwetamweta, ana akadya chilungamo chakecho.

Epulo atafika, dalaivala anachapa malaya, nakwera basi kupita ku ofesi ya msonkho. Kumeneko anaima chilili, nanena kuti wagwira ntchito miyezi iwiri chaka chathachi, ngati pali cha boma atenge, asafe nacho. A msonkhowo anafufuza dzina lake, osalipeza. Anamufunsa za kampaniyo, iye nawauza. Atapita ku kampaniko anakapeza mayina ambirimbiri obisidwa.

Mu ofesi muja dalaivala anatulukamo alibe ntchito, m'thumba muli mbee, koma akuyenda ngati mwini msewu.

Abale anga, ena mwa inu mwalowa mumpingo imvi zili mbuu. Mumtima mukuti nthawi yatsala yochepa, Mulungu saiwerenga, ndidzayamba bwinobwino chaka chamawa. Limenelo ndi bodza la Sandalamu. Tsiku limene walowa ndi limene wayamba. Ngakhale utsale ndi miyezi iwiri, nayonso ndi ya Mwiniwake, ipereke poyera. Adzakuseka, mwina adzakulanda ndi ntchito yomwe, koma pofufuza dzina lako sudzathawira kuseri.

Dalaivala uja alipo, wakalamba, ndipo akuchikazi sanabwere kudzapepesa mpaka lero. Sandalamu anamangidwa. Atatuluka ankagulitsa makala pasiteji, ndipo anamwalira dzinja lathali.