Nkhuku Yobwezera Dzina

Panali munthu wina, mmisiri wokhoma zidebe, amene analakwiridwa ndi mlamu wake chaka chimene matalala anaboola fodya yense kudera kwathu. Dzina la mmisiriyo lilibe ntchito. La mlamuyo lokha nditchula: anali Alufeyo Mndolo, kalaliki wa pa esiteti ya fodya.

Mmisiriyo anali mkamwini, ndipo sukulu anangoilawa. Alufeyo, mchimwene wa mkazi wake, ndiye anali mwini mbumba. Anali ndi buku la nkhani lopanda chikuto, ndipo Lamulungu masana ankaliwerenga mokweza pakhonde, anthu atamuzungulira. Nkhaniyo inali ya mnyamata wotchedwa Chagunda, woolotsa anthu pamtsinje waukulu. Madzi atasefukira, Chagunda anapulumutsa mudzi wonse ndi bwato limodzi, osalandira ngakhale dzira. Mmisiri uja ankamvetsera kukamwa kuli yasa.

Tsiku lina Alufeyo anafika patsamba lomaliza, natsokomola, nati Chagunda anakalamba mwaulemu, nkhani yathera pomwepo. Mmisiriyo anali ataonapo mlamu wakeyo akung'amba mapepala akumapeto kwa bukulo nkumapichirira fodya. Sanaganize kanthu. Kwa munthu wosawerenga, pepala ndi pepala.

Chaka chomwecho mkazi wa mmisiriyo anabereka mwana wamwamuna. Mchombo utagwa, Alufeyo anabwera ndi nkhuku, monga amachitira wotcha dzina kwathu, naiika pamapazi a mayi wa mwanayo, nati dzina lake ndi Chagunda. Mmisiriyo anasangalala mpaka kuvina. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unkamutchula kuti bambo a Chagunda, ndipo iye ankayankha msanga.

Mwanayo anakula, nalowa sukulu, nakwera makalasi. Kenaka buku lija linafika kusukuluko lili lathunthu, mphunzitsi naliwerengera ana mpaka kumapeto. Kumapetoko kunalibe ukalamba waulemu. Chagunda wa m'buku, ataona kuti anthu amukhulupirira, anayamba kugubuduza bwato dala pakati pa mtsinje. Amalonda ankamira, iye nkumavuula katundu wawo. Pomaliza anamiza mlongo wake weniweni.

Panjira ya kusukulu panali mtsinje, ndipo ana ankawoloka pa mtengo umodzi wogonekedwa. Mwana wa mmisiri akangoponda pamtengopo, anzake ankabwerera m'mbuyo, nkumafuula kuti asayandikire, pali Chagunda. Ena ankamufunsa kuti wamiza angati lero. Nkhani inafika m'nyumba. Amayi ochapa padooko anayamba kukokera ana awo kumtunda iye akamadutsa. Ankachita moseka, koma ankawakokadi.

Mwanayo anasiya sukulu. Ankakhala kuseri kwa nkhokwe, akujambula pansi ndi kamtengo. Bambo wake akamuitana, sankayankha. Mmisiriyo ankadziwa kuti mwanayo si gonthi, ndipo nyundo inayamba kumulemera m'manja.

Anapita kwa mlamu wake, nakhala pansi, naomba m'manja, napempha kuti dzinalo lichotsedwe, popeza mwini wake ndi iye amene analipereka. Anafunsanso ngati mapeto a nkhani ija anawawerengadi. Alufeyo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati mapetowo anawasuta asanawawerenge, ndipo anali fodya wabwino.

"Alamu," anatero, "tambala wobwera salira pakhomo pa eni. Mwana uyu ndi wa mbumba yanga. Inu khomani zidebe."

Mmisiriyo anabwerera kunyumba, nauza mkazi wake zonse. Mkaziyo anayang'ana kuseri kwa nkhokwe nthawi yaitali. Wonyoza anali mchimwene wake, wonyozedwa mwamuna wake. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi madeya, nawaza pabwalo, nagwira thadzi lonenepa kuposa onse. Analimanga miyendo ndi luzi, nalipereka kwa mwamuna wake ndi manja awiri.

Lamulungu masana, anthu atadzaza pakhonde pa Alufeyo, mmisiriyo anafika atagwira mwana dzanja ili, nkhuku dzanja ilo. Sanakhale pansi. Anaika nkhukuyo pamapazi a mlamu wake.

"Nkhuku yanu nayi, alamu. Dzina lanu tengani. Mwana uyu ndi Nashoni. Linali dzina la bambo anga. Nkhani yawo ndinaiona ndi maso anga mpaka kumanda, ndipo palibe tsamba limene linasowa."

Alufeyo anati mkamwini wapenga, ndipo mawa lomwe asamuke pamudzipo. Palibe anamuthandiza kulankhula. Mlongo wake, mkazi wa mmisiriyo, anali ataima pamsewu atapinda manja, ndipo aliyense anaona kumene nkhukuyo inachokera.

Koma dzina silichoka tsiku limodzi. M'mawa mwake mayi wina anabwera ndi chidebe chothonya, napereka moni kwa bambo a Chagunda. Mmisiriyo anapitiriza kukhoma. Mayiyo anabwereza. Iye anati pakhomopo palibe munthu wotero, mwina akafunse kutsidya. Mayiyo anaima, madzi akumudonthera pamapazi, kenaka anaseka, nati pepani bambo a Nashoni. Chidebe chinamatidwa nthawi yomweyo. Mmisiri wa zidebe m'dera lonselo anali yekhayo, ndipo chidebe chilichonse chimathonya tsiku lake. Mvula isanathe, nyumba iliyonse inali italiphunzira dzinalo, ndipo amayi omwe aja ndiwo ankakoka makutu a ana awo akatchula lakale. Mphunzitsi naye sanavute. Anati akanadziwa, akanayamba walankhula ndi makolo asanawerenge bukulo.

Mwanayo anabwerera kusukulu. Tsiku lina mmisiriyo, akupita kukagula malata akale, anamuona ali pakati pa mtengo uja, kamtsikana ka kalasi yoyamba katamugwira malaya kumbuyo poopa kugwa. Anawoloka onse awiri. Mmisiriyo anaima kuseri kwa bango mpaka ana onse atapita, kenaka anatsikira kumtsinje, nasamba kumaso, nakhala pamwala kanthawi. Mapewa ake anali opepuka ngati watula thumba la chimanga. Atafika kunyumba mkazi wake anamuitana kuti bambo a Nashoni, madzi osamba afunda. Anawamva bwino lomwe mawuwo, koma anakhala chete kuti awamvenso kachiwiri.

Tsono inu amene mukumva, musamutche mwana dzina la munthu amene nkhani yake mwaimva theka. Ngakhale wokuuzaniyo avale magalasi, mufunseni kuti kumapeto kunatani, ndipo muone ngati mapepala onse alipo. Ngati munalakwitsa kale, musati dzina ndi chipsera. Amene amalisenza tsiku ndi tsiku ndi mwana, osati wolipereka. Gwirani nkhuku, mukabweze masana anthu akuona.

Nashoni lero ndi bambo wa ana anayi, ndipo amaphunzitsa ku Dowa. Alufeyo nkhuku ija anadya. Sanapepese. Esiteti itatsekedwa anapita kutauni kukafuna ntchito ya ukalaliki, koma anapeza ya ulonda. Anamwalira komweko, ndipo anaikidwa ndi anthu a mpingo umene sankapempherako.